Luso Lokonza Webusaiti ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Kukonza webusaiti ndi ntchito yosankha zimene munthu adzaone, zimene adzawerenge ndi pamene adzadine akatsegula tsamba la pa intaneti. Wokonza ndiye amagamula mawu oti akhale pamwamba, malo a chithunzi, kukula kwa zilembo, mitundu, komanso njira imene mlendo adzayende kuchoka pamene wafikira mpaka atapeza chimene wadzera. Ambiri amaiyesa ntchito yokongoletsa chabe. Kukongola kulimo ndithu, koma kumabwera pambuyo. Tsambalo liyenera kuyamba latseguka, kenako limveke, ndipo pamenepo ndi pamene nkhani ya kukondweretsa maso imabwera.

Lusoli si lakale. Mu 1989 katswiri wa ku Britain, Tim Berners-Lee, akugwira ntchito pa malo ofufuzira za sayansi a CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, anapereka ganizo loti zolembedwa za m'makompyuta osiyanasiyana zizilumikizana, kuti munthu akadina mawu pa tsamba ili azifika pa tsamba lina. Pofika 1991 webusaiti yoyamba inali itatsegulidwa kwa anthu onse, ndipo inali ya mawu okhaokha. Zida zitatu ndizo zakhala maziko a ntchitoyi. HTML imauza foni kapena kompyuta kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. CSS, imene inakhazikitsidwa mu 1996, imayang'anira maonekedwe: mitundu, mipata ndi zilembo. JavaScript, ya mu 1995, ndiyo imachititsa tsamba kuyankha munthu akadina kapena akalemba kanthu. Masiku ano ambiri amamanga mawebusaiti pa mapulogalamu monga WordPress, imene inayamba mu 2003, osalemba okha zonsezo. Komabe wokonza wosadziwa zida zitatuzi amasowa pogwira tsiku limene chinachake chasokonekera.

Zambia inalumikizidwa ku intaneti msanga poyerekeza ndi mayiko ambiri a mu Africa. ZAMNET, imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, inayamba kupereka intaneti mu 1994. Kwa zaka zambiri intanetiyo inali ya m'maofesi a m'tauni. Kumidzi ya Chigawo cha Kum'mawa inafika kudzera pa foni ya m'manja, pamene Airtel, MTN ndi Zamtel ankaimika nsanja zawo. Mu Julayi 2014 Zambia ndiyo inali dziko loyamba kumene Facebook, mogwirizana ndi Airtel, inayambitsa pulogalamu ya Internet.org, yolola anthu kutsegula masamba owerengeka popanda kulipira. Mu 2023 kunabwera intaneti ya Starlink yochokera m'mlengalenga, koma zipangizo zake n'zodula kwa banja la mlimi. Choncho anthu ochuluka a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi intaneti amaidziwira pa galasi laling'ono la foni, ndipo ambiri sanayambe aitsegulapo pa kompyuta.

Katete, Sinda ndi Vubwi ndi maboma a alimi. Msewu wa Great East umadutsa pa Sinda ndi pa Katete polowera ku Chipata, ndipo pa Katete pamapatuka msewu wopita ku Chanida, kumalire ndi Mozambique. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012. Vubwi anadulidwa ku Chadiza, ndipo ali pangodya pamene Zambia imakhudzana ndi Malawi komanso Mozambique. Ofuna webusaiti m'dera lotere si makampani akuluakulu. Ndi kopaletivi yogulitsa mtedza, soya kapena mpendadzuwa, nyumba yogona alendo imene imadzaza mu Ogasiti pa nthawi ya mwambo wa Kulamba, sukulu yofuna kulengeza tsiku lotsegulira, chipatala cha mishoni, mpingo, wailesi ya m'dera. Ndalama zawo n'zochepa, ndipo alibe munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira makompyuta. Zimenezi ndizo zimaumba kagwiridwe ka ntchito ka wokonza wa kuno.

(Kanyimbo)

Asanajambule kanthu, wokonza ayenera kumuona m'maganizo munthu amene adzatsegule tsambalo. Kawirikawiri ndi munthu wa foni ya Android yotsika mtengo, Itel kapena Tecno, mwina galasi lake ndi long'aluka. Wagula bandulo ya tsiku limodzi ndipo akuwerengera megabayiti iliyonse. Waima panja, dzuwa la Okutobala likuwomba pa galasilo, netiweki ikubwera n'kuthawa. M'midzi ina amachita kukwera pachulu kuti aipeze. Batire latsala pang'ono, ndipo kutchajitsa pa kantemba n'kolipira. Akudina ndi chala chachikulu cha dzanja limodzi, dzanja linalo lagwira njinga. Wokonzayo amakhala m'nyumba, pa laputopu ya galasi lalikulu, nthawi zina pa intaneti yothamanga ya mu ofesi. Zolakwika zambiri za mawebusaiti zimabadwira pa kusiyana kumeneku. Chimene chimaoneka bwino pa tebulo la wokonza chimatha kukhala chosawerengeka n'komwe pa msika wa Sinda.

N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuyambira pa foni. Ganizoli analitchukitsa ndi Luke Wroblewski wa ku America mu 2009, ndipo chaka chotsatira Ethan Marcotte anafotokoza njira yotchedwa responsive design, yopangira tsamba limodzi lotha kudzipinda kapena kudzitambasula molingana ndi kukula kwa galasi. Ubwino woyambira pa foni ndi wakuti malo ndi ochepa. Mafoni ambiri a Android amapatsa tsamba mapikiselo pafupifupi 360 m'lifupi, ndipo pa malo otero sipakwana zonse zimene mwini ntchito amafuna kunena. Wokonza amakakamizika kufunsa kuti chofunika kwambiri n'chiti, n'kuchiika pamwamba. Zotsalazo zimatsikira pansi kapena zimachotsedwa. Tsamba likayenda bwino pa foni, kulitambasulira pa kompyuta si ntchito yovuta, pamene kupanikiza tsamba la pa kompyuta kuti likwane pa foni kumasiya zilembo zothinana ndi mabatani osadinika.

Nkhani yaikulu kuposa zonse kuno ndi kulemera kwa tsamba, ndipo masamu ake ndi apafupi. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yamakono chimatha kulemera megabayiti 4. Mwini nyumba ya alendo akabweretsa zithunzi 10 za zipinda zake, wokonza n'kuziika momwemo, tsambalo limalemera megabayiti 40, ndipo munthu aliyense wolitsegula amalipira kulemerako ndi bandulo yake. Pa netiweki yofooka amadikira, amatopa, amatseka. Zithunzi zomwezo zikachepetsedwa kukula ndi kusungidwa mumtundu wa JPEG wofinyidwa kapena WebP, chilichonse chimatha kutsika kufika makilobayiti 100, ndipo zonse 10 zimakwana megabayiti imodzi. Pa galasi la foni diso silitha kuona kusiyana kwake. Wokonza wosamala amapitirira apo: amakonza kuti zithunzi za pansi zizibwera pokhapokha munthu akafikako, salola kanema kuyamba yekha, ndipo amapewa zithunzi zosinthanasinthana za pamwamba zija zimene eni mabizinesi amazikonda koma owerenga sazidikira. Masamba ambiri a pa intaneti masiku ano amaposa megabayiti 2. Wokonzera anthu a ku Vubwi ayenera kudziikira malire otsika kwambiri kuposa pamenepo, n'kumakana chilichonse chofuna kuwadumpha. Kudya bandulo ya mlimi ndi zokongoletsa zopanda ntchito ndi kumuchitira chipongwe.

Pambuyo pa kulemera pamabwera kuwerengeka. Bungwe la W3C, limene limakhazikitsa malamulo a mawebusaiti padziko lonse, lili ndi malangizo otchedwa WCAG othandiza kuti anthu olumala ndi a maso ofooka azitha kugwiritsa ntchito masamba. Malangizowa amati kuwala kwa zilembo wamba ndi kwa malo amene zakhalapo kusiyane pa mlingo wa 4.5 kwa 1 kapena kuposa. Mwachidule, zilembo zotuwa pa malo oyera siziwerengeka padzuwa, ndipo zachikasu pa zoyera n'zoipiratu. Zilembo za ndime zisachepere mapikiselo 16. Batani likhale lalikulu lokwana chala cha munthu wogwira khasu. Google imalangiza mapikiselo 48 m'litali ndi m'lifupi. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ochifotokoza obisika kuseri kwake. Mawuwo amawerengedwa ndi pulogalamu yolankhula ya anthu osaona, ndipo pa mafoni ambiri ndiwo amaoneka chithunzicho chikakana kubwera, zimene zimachitika tsiku ndi tsiku kumene netiweki ndi yovuta.

(Kanyimbo)

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kukhala pansi ndi mwini wake, laputopu ili yotseka. Mafunso ake ndi ochepa koma ofuna kudekha. Tsambali adzalitsegule ndani? Akalitsegula achite chiyani: aimbe foni, atumize uthenga, abwere, alipire? Ndi mafunso ati amene anthu amafunsa kawirikawiri akafika pa ofesi? Nanga zinthu zikasintha, adzasinthe mawu ndani? Apa wokonza woona mtima nthawi zina amauza kasitomala kuti webusaiti sakuifunikira. Wogaya chigayo kapena wosoka zovala, amene makasitomala ake onse ndi a m'midzi yozungulira, amathandizika kwambiri ndi WhatsApp Business, tsamba la Facebook ndi kulembetsa malo ake pa mapu a Google. Webusaiti imapindulitsa pamene pali anthu akutali ofuna kutsimikiza kuti bungwelo ndi lenileni, monga ogula mbewu a ku Lusaka, opereka thandizo, kapena alendo ochokera kunja. Kunena zoona pamenepa kumatayitsa ndalama ya tsikulo, koma kumamanga mbiri imene imabweretsa ntchito zina.

Mabungwe ena ali ndi magulu awiri a owerenga osiyana kotheratu. Chipatala cha St Francis ku Katete, chimene chinayamba mu 1948 ndipo chimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika, ndi chitsanzo cha bungwe lotere, monganso chipatala cha mishoni cha Nyanje ku Sinda. Dokotala kapena wophunzira zachipatala wa kunja wofuna kudzagwirako ntchito amafuna nkhani yaitali: mbiri, malo ogona, njira yofunsira. Wachibale wa wodwala amafuna zitatu zokha: nthawi yoona odwala, nambala ya foni, ndi njira yofikira. Wokonzera bungwe lotere amapatula njira ziwirizi pa tsamba loyamba penipeni, ndipo ya wachibaleyo amaiika pamwamba, chifukwa ndiye ali pachangu ndiponso ndiye ali ndi bandulo yochepa.

Mawu amalembedwa kaye, maonekedwe pambuyo. Kenako wokonza amatenga pepala ndi pensulo, n'kujambula bokosi lalitali lofanana ndi galasi la foni. Kopaletivi ya alimi a mtedza ku Sinda ingakhale chitsanzo. Pamwamba penipeni pa bokosilo amalemba dzina la kopaletiviyo ndi chiganizo chimodzi chonena chimene amagulitsa ndi kumene ali. Pansi pake amajambula mabatani awiri, lina loimbira foni, lina la WhatsApp. Kenako bokosi la chithunzi chimodzi, cha matumba a mtedza wosendedwa ali m'nyumba yosungiramo, chojambulidwa m'mawa kuwala kusanakule. Motsatira pamabwera mitundu ya mtedza imene ilipo, kulemera kwa thumba, mtengo, ndi tsiku limene mtengowo unalembedwa. Mbiri ya kopaletiviyo, mayina a akomiti ndi uthenga wa wapampando zimapita pa tsamba lina. Apa pamakhala kukangana, chifukwa eni ake amafuna uthenga wa wapampando ukhale pamwamba. Pepala limathandiza pa mkangano woterowo: kufufuta mzere wa pensulo n'kwa kanthawi, ndipo anthu amamasuka kutsutsa chojambula cha pa pepala kusiyana ndi chinthu chooneka ngati chatha kale. Onse akagwirizana, ndi pamene wokonza amatsegula Figma, Penpot kapena pulogalamu ina yojambulira, kapenanso kupita mwachindunji ku HTML.

Dera la m'malire lili ndi timisampha take. Ndalama ya Zambia ndi ya Malawi zonse ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali. Mtengo wolembedwa kuti K500 basi ungasokoneze wogula wa ku Mchinji amene akuwerenga tsamba la wamalonda wa ku Vubwi. Kulemba ZMW kumathetsa chikaiko. Nambala ya foni ilembedwe yonse kuyambira pa +260, kuti woimba ali ku Malawi kapena ku Tete asavutike, ndipo ikonzedwe kuti munthu akaidina foni iyambe kuimba yokha. Polipira, anthu a kuno amadalira Airtel Money ndi MTN MoMo kuposa makadi a banki, choncho tsamba lopempha khadi lokha latsekera kunja ogula ambiri. Polozera malo, dzina la sukulu, tchalitchi kapena mphambano yodziwika limathandiza kuposa mapu olemera.

(Kanyimbo)

Nanga nzeru za maonekedwe zimachokera kuti? Okonza achinyamata ambiri amathera maola pa Pinterest, Behance ndi Dribbble akuona ntchito za anzawo a ku Ulaya ndi America. Kuona n'kwabwino, koma zambiri za kumeneko zinapangidwira magalasi akuluakulu ndi intaneti yosadukiza, ndipo wozitsanzira amatulutsa tsamba lofanana ndi masamba ena zikwizikwi. Sukulu yapafupi ili m'mbali mwa msewu wa Great East. Olemba zikwangwani a pa Katete ndi pa Sinda akhala akuthetsa vuto lomweli kwa zaka zambiri: kuuza munthu wodutsa mwachangu, ali pa basi kapena pa njinga, kuti pano pali chiyani. Chikwangwani chabwino cha shopu ya zipangizo zaulimi chimakhala ndi dzina m'zilembo zonenepa, mitundu iwiri kapena itatu yosiyana kwambiri, chithunzi chimodzi cha chinthu chogulitsidwa, ndi nambala ya foni. Wolembayo amadziwa kuti zoyera pa buluu wakuda zimaoneka patali, ndiponso kuti mawu akachuluka palibe amene amawerenga. Wokonza webusaiti atayenda pa msika tsiku limodzi n'kumaona kuti ndi zikwangwani ziti zimene diso lake lagwira poyamba, ndi chifukwa chake, angaphunzire za kasanjidwe ka uthenga kuposa zimene mabuku ambiri angamuphunzitse.

Mitundu nayo ili ponseponse. Chitenje chooneka chodzaza ndi maluwa, munthu akachiyang'anitsitsa, amapeza kuti chili ndi mitundu yowerengeka, umodzi wolamulira, ina yothandizira, ndi kachithunzi kamodzi kobwerezedwa mwadongosolo. Lamulo lomwelo limagwira ntchito pa tsamba: mtundu umodzi waukulu, wina wa mabatani okha kuti munthu azidziwa podina, ndi wakuda wa zilembo. M'midzi amayi amakongoletsa makoma ndi dothi la mitundu, katondo wofiira, makande wakuda ndi dothi loyera, n'kusiya mzere wakuda m'munsi mwa khoma. Mitundu imeneyi imagwirizana mwachibadwa ndipo sitopetsa maso. Wokonza angajambule khoma lotero ndi foni, n'kutengapo mitundu yake yeniyeni ndi pulogalamu yojambulira. Kalukidwe ka lichero ndi mphasa kamaphunzitsa za mizere yolunjika ndi mipata yofanana, zimene pa webusaiti zimachititsa tsamba kuoneka laudongo. Chofunika ndi kutengapo nzeru ya kasanjidwe. Kumata chithunzi cha chitenje kuseri kwa mawu kumangolemetsa tsamba n'kubisa zilembo.

Pali chuma china chimene wokonza ayenera kuchifikira mwaulemu. Loweruka lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gule Wamkulu amavinidwa pamaso pa khamu la anthu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu a padziko lonse. Zilombo zake n'zokopa maso, ndipo chiyeso chimakhalapo chotenga nkhope ya gule n'kuisandutsa chizindikiro cha bala kapena shopu. Gule ali ndi eni ake, ali ndi mwambo ndi zinsinsi zake za kudambwe, ndipo amakhudza maliro ndi chinamwali. Wofuna kugwiritsa ntchito chithunzi chake ayambe wapempha kwa mafumu ndi akuluakulu a mwambowo, ndipo akakanizidwa aleke. Zambia inakhazikitsanso lamulo mu 2016 loteteza nzeru zamakolo ndi zaluso za chikhalidwe, kotero nkhaniyi ili ndi mbali ya malamulo kuwonjezera pa ya ulemu.

Nzeru sizibwera pa nthawi imene munthu akuzifuna, choncho okonza ambiri amasunga kabuku kapena foda ya mu foni, momwe amaikamo chilichonse chimene chawagwira mtima: zilembo za pa minibasi, chikuto cha buku, tsamba la bungwe lina lomwe latseguka mofulumira modabwitsa. Pansi pa chilichonse amalemba chifukwa chake chawasangalatsa. Chifukwacho ndicho chimasamukira ku ntchito yatsopano. Kukopera tsamba la wina lonse, kapena kutenga zithunzi pa Google popanda chilolezo, ndi kuba, ndipo kungaike kasitomala pa mlandu. Chithunzi chenicheni cha malo enieni, ngakhale chojambulidwa ndi foni wamba, chimakhulupirika kuposa chogula cha anthu ovala masuti amene sanapondepo ku Katete.

(Kanyimbo)

Chiyankhulo chimafuna kuganizira mwapadera. Chingelezi ndicho cha boma ndi cha ogula akutali, koma tsamba lofotokozera alimi za mbewu kapena amayi za sikelo ya ana limamveka bwino m'Chichewa. Kukhala ndi zonse ziwiri n'kotheka, bola batani losinthira chiyankhulo lionekere pamwamba. Mawu a Chichewa amakhala aatali kuposa a Chingelezi, choncho batani lokonzedwa ndi mawu a Chingelezi limasefukira likamasuliridwa. Ndi bwino kuyeza malo ndi mawu aataliwo kuyambira pachiyambi. Kalembedwe nako n'kosiyana: mabuku a sukulu a ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, moti wina amafufuza cimanga, wina chimanga. Wokonza asankhe kalembedwe kamodzi kogwirizana ndi owerenga ake n'kukatsatira paliponse. Akafuna chilembo cha ŵ, ayese kaye ngati zilembo zimene wasankha zili nacho, chifukwa zina zimaonetsa kabokosi m'malo mwake. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo mapulogalamu atsopano olemba okha nawonso amayesa, koma zotuluka zake ziyenera kuwerengedwa mokweza ndi munthu woyamwira chiyankhulochi zisanaikidwe pa tsamba.

Tsamba likamangidwa liyenera kuyesedwa ndi anthu enieni. Jakob Nielsen, katswiri wa ku Denmark pa nkhaniyi, analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amakwanira kuvumbula mavuto ambiri a tsamba. Kachitidwe kake n'kosavuta. Wokonza amapita kumsika, amapempha munthu kuti atsegule tsambalo pa foni yake yomwe, atamugulira kabandulo, n'kumupatsa ntchito imodzi: «Amayi, tapezani mtengo wa thumba la mtedza», kapena «Bambo, tayesani kuwaimbira eni ake». Kenako amakhala chete. Kukhala cheteko ndiko kovuta, chifukwa mtima umafuna kuloza pamene pali batani. Amaona pamene chala chikuzengereza, pamene munthuyo akuyandikitsa foni kumaso, pamene akubwerera m'mbuyo. Anthu a kuno ndi aulemu, ndipo akafunsidwa ngati tsambalo lili bwino amayankha kuti lili bwino. Choonadi chili pa zimene chala chachita. Anthu atatu mwa asanu akasochera pa malo amodzi, cholakwa chili pa tsamba. Omvera amene ali ndi webusaiti kale angathenso kulemba adiresi yake pa chida chaulere cha Google chotchedwa PageSpeed Insights, chimene chimaonetsa zimene zikuchedwetsa tsamba pa foni.

Magetsi nawo amalamulira kagwiridwe ka ntchito. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi a ku Kariba, madera ambiri a Zambia ankakhala maola ochuluka pa tsiku opanda malaiti. Wokonza wa kuno amagawa ntchito yake pawiri. Kulemba mawu, kujambula pa pepala, kuchepetsa zithunzi ndi kulemba HTML zimatheka popanda intaneti, ndi mapulogalamu aulere monga GIMP ndi Inkscape. Kutumiza mafayilo ndi kutsitsa zida kumadikira nthawi imene netiweki yakhazikika. Sola yaing'ono yotchajira laputopu ndi chida cha ntchito mofanana ndi laputopuyo, ndipo ntchito iliyonse isungidwe malo awiri. Amene akuphunzira payekha angapeze maphunziro aulere pa MDN ndi freeCodeCamp, ndipo ku Lusaka kuli BongoHive, malo a achinyamata a zamakompyuta amene anayamba mu 2011.

Zithunzi za anthu ndi mayina awo zimafuna chilolezo. Lamulo la Zambia loteteza zinsinsi za anthu, la mu 2021, limakhudza aliyense wosonkhanitsa mayina, manambala a foni kapena manambala a chitupa cha NRC kudzera pa fomu ya pa webusaiti. Fomu ifunse zokhazo zimene zikufunikadi. Nkhope za ana a sukulu ndi za odwala zisaikidwe popanda makolo kapena eni ake kuvomera, atauzidwa momveka kuti chithunzicho chidzaoneka padziko lonse.

Gawo lomaliza ndi kupereka ntchito kwa mwini wake, ndipo apa ndi pamene mawebusaiti ambiri a mabungwe ang'onoang'ono amafera. Webusaiti imafuna zinthu ziwiri zolipiridwa nthawi ndi nthawi: dzina lake, ndi malo pa seva pamene mafayilo amakhala. Mayina othera ndi .zm, monga .co.zm ndi .org.zm, ali m'manja mwa bungwe la ZICTA ndipo amagulidwa kudzera kwa makampani ovomerezeka. Dzinalo lilembetsedwe m'dzina la bungwe, pa imelo ya bungwe, chifukwa wokonza akasamukira ku Lusaka kapena ku Johannesburg ali nalo m'dzina lake, eni ake amatsala opanda kiyi wa chinthu chawo chomwe. Adiresi iyambe ndi https, ndipo chiphaso chake chimapezeka mwaulere kudzera ku Let's Encrypt. Mgwirizano ulembedwe pa pepala: mtengo, chiwerengero cha masamba, kangati kasitomala angapemphe kusintha, ndi ndalama ya chaka ndi chaka. Anthu awiri a m'bungwemo aphunzitsidwe kusintha mtengo, tsiku ndi chithunzi pa foni zawo, wokonza akuyang'ana, mpaka atatha okha. Mawu achinsinsi, dzina la kampani yosunga webusaitiyo ndi tsiku lolipiranso zilembedwe pa pepala limodzi losungidwa ndi mlembi kapena msungichuma, ndipo tsikulo lilowe m'bajeti ya chaka chotsatira.